Zimene rekoda siimva: nkhani ya thupi pa kafukufuku

Wa Masters Chaka Chachiwiri:
Moni akuluakulu nonse a pagulu pano. Ndili ndi funso landisowetsa tulo. Ndikuchita kafukufuku wa qualitative, wocheza ndi anthu mozama osati wowerenga manambala, pa anthu amene amasamalira abale awo odwala sitiroko kunyumba. Maintaviyu ndinamaliza, ma transcript, kapena kuti zolankhula za pa tepi zitalembedwa papepala, ndili nawo, koma ndikamawerenga ndikuona ngati si anthu amene ndinacheza nawo aja. Mayi ena ndinawafunsa kuti ntchito yonyamula amuna awo kuchoka pabedi kupita pampando amaiona bwanji. Papepala pali liwu limodzi lokha: "Ndinazolowera." Koma inetu ndinali pomwepo. Asanayankhe anayamba akoka kaye mpweya wautali, dzanja lili kumsana, akutsindira ndi chala chachikulu. Ndinalemba zimenezi m'chaputala cha zotsatira, supervisor wanga, amene amayang'anira kafukufukuyu, wazikhwatcha zonse, akuti "izi n'zoganiza iwe, si deta." Kodi zili choncho? Zimene thupi la munthu likuonetsa, ndi zimene thupi langa linamva ndili m'chipinda chija, zilibe malo mu thesis?

Wolemba Matepi:
Achemwali, ndiyambe ine poti ntchito yanga ndi yomweyi, kumvetsera matepi n'kumataipa. Transcript yanuyo anakulemberani ndani, ndipo munamuuza kuti alembe chiyani? Ifetu tikapatsidwa tepi popanda malangizo timalemba mawu okha. Kupuma, kuseka, mawu kunjenjemera, zonse timataya, chifukwa otipatsa ntchito ambiri amafuna pepala loyera. Koma njira yolembera zimenezi ilipo kalekale. Gail Jefferson, wofufuza mmene anthu amachezera, anayamba kuikonza m'zaka za m'ma 1960 akugwira ntchito ndi wofufuza mnzake Harvey Sacks. Munthu akakhala chete umayeza nthawi yake mpaka pa gawo limodzi la magawo 10 a sekondi n'kulemba nambalayo. Kukoka mpweya kuli ndi chizindikiro chake, kutalikitsa liwu chake, kukweza mawu chake. Mpweya wautali wa mayi aja ndiye uli pa tepi, bwererani mukaumvenso, muuyeze. Vuto lake njirayi imadya nthawi koopsa, ambiri salemba maintaviyu onse choncho. Mumasankha malo ofunika okha. Za dzanja kumsanazo ndiye pepani, rekoda ilibe maso.

Bambo Manambala:
Ine mundikhululukire, ndili kumbali ya supervisor. Dzanja kumsana mwaliona, chabwino. Mwadziwa bwanji kuti ndi ululu wa kunyamula? Mwina mpando unali woipa. Mwina ndi chizolowezi chawo kuyambira ali mtsikana. Tikanatumiza munthu wina ku nyumba yomweyo akanaona dzanjalo? Akanalimasulira chimodzimodzi? Kwa ine deta ndi chinthu choti mnzako angachione n'kukutsutsa. Mawu a pa tepi ndikhoza kuwamvetsera inenso. Zimene munamva m'mimba mwanu ndizimvetsere kuti?

Namwino Wofufuza:
A Manambala mwayamba kale kkkk. Dikirani aphunzitsi abwere.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndabwera, ndinali kutali ndi foni. Funso la a Manambala ndi labwino ndipo lisathawidwe, koma tiyambe taona ngati thupi lili ndi kanthu koti wofufuza aphunzirepo n'komwe.

Mu 1934 Marcel Mauss, wofufuza za chikhalidwe cha anthu wa ku France, anakamba nkhani pamaso pa akatswiri a psychology ku Paris yokhudza maluso a thupi. Mfundo yake inali yoti kuyenda, kusambira, kukhala pansi, ngakhale kugona, zonsezi timachita kuphunzira, ndipo anthu a malo osiyana amaziphunzira mosiyana. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha mafosholo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse iye anali womasulira pakati pa asilikali a ku Britain. Anaona kuti asilikaliwo ankalephera kukumba ndi mafosholo a ku France, moti gulu limodzi likamalowa m'malo mwa linzake pankafunika kusintha mafosholo 8,000. Amuna amphamvu zofanana, nthaka imodzimodzi, koma manja anaphunzira zosiyana. Tsono mukanamufunsa msilikali kuti "umakumba bwanji?" akanakuyankhani kuti "ndimangokumba." N'chimodzimodzi "ndinazolowera" wa mayi aja. Sakubisa kanthu ayi. Chidziwitsocho chili m'mawondo ndi m'chiuno, pakamwa sichinafikepo chifukwa sipanakhale chifukwa choti chifike. Katswiri wa sayansi ndi filosofi Michael Polanyi anazinena bwino mu 1966, kuti munthu amadziwa zambiri kuposa zimene angathe kufotokoza. Wopalasa njinga sagwa, koma mufunseni kuti amatani kuti asagwe, muona akuyang'ana kumwamba.

Ndiye mwana wanga wa Masters, ngati mutu wako ndi kusamalira wodwala, ndipo kusamalirako theka lake ndi kunyamula, kutembenuza, kusambitsa, kupukuta, ndiye kuti kafukufuku womva mawu okha wasiya theka la mutu panja. Apo supervisor wako walakwa. Koma pali pamene akulondola, ndibwerapo.

Namwino Wofufuza:
Ndiwonjezere za ululu, poti ndi kumene ndimakhalira. Kuchipatala timafunsa kuti "kuyambira 0 mpaka 10, ukupweteka bwanji?" Munthu akuti 4, uku thukuta lili kamukamu, mano ali gwa, sakufuna n'komwe kutembenuka. Wina akuti 9 akuseweretsa foni. Namwino aliyense amadziwa kuti nambala ija umailemba, koma maso ako amakhala pa nkhope ndi pa mapewa. Ronald Melzack wa ku McGill University ataona kuti nambala yokha siikwana, mu 1975 anatulutsa mndandanda wa mawu 78 ofotokoza ululu, kuti wodwala asankhepo: kubaya, kuwotcha, kugunda, kufinya ndi ena otero. Anachita kuwapatsa anthu mawu chifukwa ululu umathetsa mawu. Achemwali, ine ndikamacheza ndi osamalira odwala sindifunsa kuti "mumanyamula bwanji". Ndimati "tandionetseni." Munayesako?

Wa Masters Chaka Chachiwiri:
Mayi Namwino, zinachitika zokha. Titazimitsa rekoda mayi aja anati, "Takhalani apa, ndikuonetseni." Ndinakhala m'mphepete mwa bedi. Anaika bondo lawo kutsogolo kwa bondo langa lakumanzere n'kulitsekereza kuti lisapindike, poti kumanzere ndi kumene amuna awo kunafa mphamvu. Anandiuza ndiike chibwano paphewa pawo. Manja awo anadutsa kunsi kwa mkhwapa n'kukagwira lamba kumbuyo. Kenako anayamba kundigwedeza, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, akuwerenga chapansipansi, ndipo kachitatu ndinangozindikira ndaima. Sanandikoke ndi manja ayi, anangokhala ngati akugwera chagada ine n'kuwatsatira. Chimene chinandikhudza n'choti khutu langa linali pafupi ndi pakamwa pawo, ndiye ndinamva kubuula kwakung'ono pamene ankawongoka. Kubuula koti munthu atakhala pampando wa alendo sangakumve. Ndipo amachita zimenezi kangapo pa tsiku, usiku womwe.

Bambo Manambala:
Eya, apa ndiye mwanena chinthu. Bondo kutsekereza bondo, kugwira lamba, kugwedeza katatu, izi ndi ndondomeko. Wina akhoza kupita kukaona ngati mabanja ena amachitanso choncho, physiotherapist, wa zolimbitsa ziwalo kuchipatala, akhoza kunena ngati njirayo imapweteketsa msana. Izi ndazilandira, lembani. Koma musandiuze kuti tsopano mwadziwa mmene amamvera bambo odwalawo akamanyamulidwa. Inu miyendo yonse iwiri ndi yamoyo, ndipo mumadziwa kuti mukatha mukwera galimoto n'kumapita.

Wa Anthropology:
Achimwene a Manambala, mawu anu omalizawo ndi mkangano womwe ife a anthropology, ofufuza chikhalidwe cha anthu, takhala nawo zaka zambiri. Pali amene anapita nazo patali kwambiri zoti thupi la wofufuza likhale chida. Loïc Wacquant, wophunzira wa katswiri wa za chikhalidwe wa ku France Pierre Bourdieu, analowa mu jimu ya nkhonya ku Woodlawn, dera la anthu akuda osauka ku South Side ya Chicago, mu 1988. Cholinga chake poyamba chinali kupeza poima kuti aone moyo wa m'deralo. Anathera kumenya nkhonya zaka zitatu, anathyoka mphuno, mpaka anakalowa mu mpikisano wa Golden Gloves. Zimene anapeza sakanazipeza ndi mafunso: kuti wankhonya amaphunzira kusatsinzina chibakera chikubwera, kuti mphunzitsi salongosola zambiri koma amangokonza chigongono apa, phazi apo, ndipo kuti luso limalowa mwa kuonerana ndi kutsanzirana, onse akuchita zinthu pa belu limodzi la mphindi zitatu. Koma chimene anthu amaiwala n'choti usiku uliwonse akabwera ku jimu ankakhala pansi n'kulemba manotsi kwa maola. Mabala okha sakanakhala buku. Ndipo anachitanso maintaviyu ndi ankhonya ambiri. Thupi linamuonetsa pofunsa, mafunso n'kutsimikiza kapena kutsutsa.

Wa Wilitcheya:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndilowepo. Nkhani ya Wacquant ndi zaka zitatu. Chimene ine chimanditopetsa ndi a tsiku limodzi. Munthu akhala pa wilitcheya kuyambira m'mawa mpaka masana, kapena amanga nsalu kumaso, kenako akalemba kuti "ndamva mmene olumala amavutikira." Chimene wamva ndi mantha a munthu wosadziwa kuyendetsa wilitcheya. Ine ndakhala pampandowu nthawi yaitali, sindiuganizira n'komwe, monga inu simuganizira mapazi anu. Ndimadziwa m'lifupi mwa khomo ndi maso okha, ndimamva mtundu wa simenti kudzera m'matayala. Maurice Merleau-Ponty, wafilosofi wa ku France, analemba mu 1945 za ndodo ya munthu wosaona, kuti imaleka kukhala chinthu chimene wagwira n'kukhala pothera pa kukhudza kwake. Zimenezo wa tsiku limodzi sangazifike. Amatuluka ndi chisoni chokhachokha, ndipo chisonicho amachilemba ngati zotsatira.

Chimene chimavuta kwenikweni si mpando, ndi maso a anthu. Robert Murphy, pulofesa wa anthropology ku Columbia University, chotupa cha mumsana chitamupuwalitsa analemba mu 1987 mmene anthu omudziwa anayambira kupewa kumuyang'ana. Izi ndiye ndimazidziwa bwino.

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi, mwandithandiza, apa ndi pamene ndimati supervisor akulondola. Thupi lako limakuuza zoona za iwe. Za mnzako limangokupatsa funso.

Chitsanzo chimene ndinkaphunzitsa nacho ndi cha Renato Rosaldo, wa anthropology. Anakhala pakati pa anthu a mtundu wa Ilongot kumpoto kwa Luzon ku Philippines. Akuluakulu ankamuuza kuti kale chimene chinkawapititsa kokadula mitu ya adani chinali ukali wobwera ndi imfa ya m'bale. Iye yankho limeneli ankaliona lopepuka, n'kumafunafuna tanthauzo lina lozama. Mu 1981 mkazi wake Michelle, yemwenso anali wofufuza, anaterereka n'kugwa kuphedi ali ku ntchito ku Philippines komweko, n'kumwalira. Ataona mtembo, ukali umene unamugwira ndi umene unamutsegula makutu kuti amve zimene ankauzidwa zaka zonse zija. Koma taonani kusamala kwake: iye mwini ananena kuti ukali wake ndi wa a Ilongot zikukumana pena, pena n'kusiyana, si chinthu chimodzi. Iyetu sanapite kukadula mutu wa munthu. Chimene chinasintha n'choti anasiya kupeputsa mawu awo. Ngati kunyamulidwa kuja kwakupangitsa kuti "ndinazolowera" uzimumva mwina, wapindula. Ukalemba kuti wadziwa ululu wa mayiwo, ndikukhwatcha nanenso.

Wa Wilitcheya:
Ndipo pali mbali ina, aphunzitsi, imene anzathu oyenda ndi miyendo saiona. Thupi la wofufuza limasankha amene adzafunsidwe. Nyumba ya masitepe ine sindilowa, ndiye sample yanga, gulu la anthu amene ndawafunsa, imapendekera kwina, ndipo ndimalemba zimenezo poyera. Koma amene ndawafikira amandiuza za chimbudzi, za zilonda za pabedi, za kugonana, zinthu zimene mnzanga wa pa projekiti yomweyo sauzidwa. Iyenso thupi lake likusankha, kungoti palibe amene amamufunsa. Mwamuna wamtali wa mawu aakulu, mtsikana wooneka ngati mwana wa sukulu, mayi woyembekezera, aliyense amabwera ndi transcript yosiyana kuchokera kwa munthu mmodzimodzi. Donna Haraway, wolemba za mmene sayansi imachitikira, mu 1988 ankatsutsa zoti wasayansi azilemba ngati akuona zonse ali paliponse pomwe palibe pamene waima.

Bambo Manambala:
Kumbali yathu zimenezo timazidziwa, mu ma survey, kafukufuku wofunsa anthu ambiri mafunso ofanana, timayeza kusiyana kwa mayankho malinga ndi wofunsa, ndipo timayesetsa kukuchepetsa. Inu mukuti tikunyadire?

Wa Anthropology:
Osati kunyadira, kulemba. Inu muli ndi ofunsa 40, mukhoza kuwasakaniza. Achemwali athuwa ali okha, thupi ndi limodzi lomwelo, sangalisiye pakhomo ngati nsapato. Chotsala n'kuuza owerenga kuti amene anaona izi anali wotani ndipo anakhala pati. Kale zinkabisidwa. Diary ya Bronisław Malinowski, katswiri wotchuka wa anthropology, itasindikizidwa mu 1967, iye atamwalira kale, anthu anadabwa kupeza munthu wodwaladwala, wotopa, womwa mankhwala, wolakalaka akazi, wokwiyira anthu omwe ankawafufuza ku zilumba za Trobriand. M'mabuku ake otchuka aja munthu ameneyu mulibe. Koma ndi yemweyo amene ankasankha tsiku loti apite kumudzi ndi loti agone mu tenti kuwerenga manovelo.

Wolemba Matepi:
Poti mwatchula kutopa, ndinene za ife otaipa, amene sitilowa n'komwe mu lipoti. Tepi ya mayi wofotokoza nkhanza zimene anachitiridwa, wofufuza amaimva kamodzi. Ine ndimabwereza chiganizo chimodzi mpaka ndimve liwu lililonse, mahedifoni ali m'makutu, kulira kwake kuli mkati mwa mutu wanga. Pena ndimapezeka mapewa auma, chakudya chosalowa. Amene mumalemba bajeti ya kafukufuku, muziikamo munthu woti otaipa ndi omasulira azikalankhula naye. Ndadutsirapo chabe.

Namwino Wofufuza:
Simunadutsire achimwene, mwanena zoona. Ndipo kuuma kwa mapewako nthawi zina ndi chizindikiro choti pamalo pamenepo pa tepi pali kanthu. Ine ndimapempha wotaipa kuti aike nyenyezi paliponse pamene anaimitsa tepi kuti apume. Kawirikawiri ndi malo omwe ineyo ndinawadutsa mothamanga pofunsa, chifukwa nanenso ndinkafuna kuthawapo.

Wa Masters Chaka Chachiwiri:
Zikomo nonse, mutu wayamba kutseguka. Koma ndithandizeni zenizeni: Lolemba ndikakumana ndi supervisor, ndikanene chiyani? Ndipo chaputala chija ndichikonze bwanji?

Mphunzitsi Wopuma:
Usakayambe ndi Merleau-Ponty, akakuthamangitsa. Kayambe ndi manotsi ako. Ndikhulupirira unalemba tsiku lomwelo, chifukwa za thupi zimafufutika msanga kuposa mawu. Ukagona kawiri umakumbukira zimene ukufuna kukumbukira. M'manotsimo lekanitsa zimene unaona ndi zimene unaganiza. "Anaika dzanja lamanja kumsana, anakhala chete masekondi anayi" ndi zoona ndi maso, ndipo theka lake lili pa tepi. "Ankamva ululu koma amabisa" ndi kumasulira kwako. "Ine ndinamva chifuwa kuthina" ndi za iwe, zili ndi malo ake pofotokoza njira imene unatsata, kapena pamene zinakupangitsa kufunsa funso lina. Ndikukayika kuti m'chaputala chako zitatuzi zinalowa m'chiganizo chimodzi, n'chifukwa chake cholembera chofiira chinadya zonse.

Kenako bwerera kwa mayiwo. Ukawauze kuti, "Tsiku lija ndinaona mukugwira kumsana, kodi pamavuta?" Akhoza kukuuza nkhani ya ola lathunthu. Akhozanso kuseka n'kunena kuti ndi opaleshoni yakale yosakhudzana ndi amuna awo, a Manambala n'kuwina. Zonse ziwiri ndi zotsatira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Namwino Wofufuza:
Mukabwerera tengani pepala lalikulu. Pali njira ya body mapping: munthu amagona papepala, mnzake n'kujambula mzere kuzungulira thupi lake, ndiye mwiniwake amalembapo ndi kupakapo utoto pamene pamapweteka, pamene pali chipsera, pamene amapezapo mphamvu. Inatchuka ndi gulu la Bambanani, amayi okhala ndi HIV a ku Khayelitsha ku Cape Town, amene anagwira ntchito ndi wojambula Jane Solomon mu 2002. Ubwino wake ndi woti womasulira thupi amakhala mwini thupi, inu mumangofunsa kuti "apa mwapaka zofiira bwanji?" Kwa munthu wamkulu amene kugona pansi kungamuvute kapena kumuchititsa manyazi, chithunzi cha thupi chojambuliratu pa pepala wamba chimagwiranso ntchito.

Wa Anthropology:
Kapena vidiyo, ngati akulola. Kunyamula kuja kuli ndi zinthu zochitika m'kanthawi kochepa zoti maso sangagwire zonse. Komatu tisanamizane kuti kamera imathetsa nkhani. Mu 2020 tonse titathamangira pa Zoom tinaona anthu kuyambira m'mapewa kupita kumwamba. Dzanja lili kumsana silikanaoneka, fungo la chipinda cha wodwala silikanamveka, ndiponso sukanadziwa kuti kuseri kwa foni kwakhala apongozi akumvetsera.

Bambo Manambala:
Ndikuvomera kubwerera kukafunsa, ndikuvomera vidiyo. Za "chifuwa changa chinathina" ndikanali nazo kutali. Ndawerengapo ma thesis amene wofufuza amadzaza masamba ndi thukuta lake, misozi yake, kugunda kwa mtima wake, ofufuzidwa n'kusanduka alendo m'nkhani yawo yomwe. Chiganizo chilichonse chonena za thupi lanu chizitiphunzitsa kanthu za mayi aja. Chikapanda kutero, chikhale mu diary.

Mphunzitsi Wopuma:
Pamenepo sindikutsutsani, bambo.

Wa Wilitcheya:
Ine chikundivuta china. Takambirana msana wa mayi, chifuwa cha wofufuza, mapewa a wotaipa. M'chipindamo munali thupi lachitatu, la bambo amene amanyamulidwa. Achemwali, pamene mkazi wawo ankakuonetsani pa bedi lija, iwo anali kuti? Ndipo mukabwera ndi kamera, amene adzaoneke akugwiridwa lamba, mwina atavala thewera, ndi iwowo. Anavomera?

Wa Masters Chaka Chachiwiri:
Anali pampando pambali, akutiyang'ana. Kalata ya chilolezo inali ya osamalira okha, poti ndi amene protocol yanga, ndondomeko ya kafukufuku imene inavomerezedwa, imawatchula. Bambowo sitiroko inawagwira lilime, amatulutsa mawu ochepa kwambiri, koma amamva. Pamene ndinaimitsidwa paja anaseka, n'kumenya dzanja lawo lamoyo pa mpando.

Namwino Wofufuza:
Ndiye musanatenge kamera kapena kubwerera ndi mafunso okhudza iwo, lembani amendment, pempho losintha protocol, ku komiti ya ethics yoteteza ofufuzidwa, bambowo alowe ngati otenga nawo mbali. Kuvutika kulankhula si kulephera kuvomera. Pamafunika fomu ya ziganizo zifupizifupi ndi zithunzi, mafunso oyankha eya kapena ayi, khadi loti aloze, ndi nthawi yokwanira. Mufunse chinthu chimodzi m'njira ziwiri kuti muone ngati yankho silikusintha, ndipo mkazi wawo asawayankhire, ngakhale adzafuna kutero chifukwa ndi zimene amachita tsiku lililonse. Ngati ku dipatimenti kwanu kuli wa speech therapy, wothandiza ovutika kulankhula, mupite naye. Makomiti ena amachedwa kuyankha, ndiye Lolembalo muyambe ndi nkhani imeneyi musanafike pa za chaputala.

Bambo Manambala:
Ndipo mukawafunse chimene chinawaseketsa. Ine ndikuganiza kuti mumalemera kuposa iwo kkkk.